Kabotolo ka perefyumu ka malemu amayi ka 1974: ndingadzole pa ukwati wa mwana wanga?

NaTembo wa ku Kapata

Moni nonse. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo sabata ino, ndipo ndikupempha odziwa andithandize.

Amayi anatisiya mu June. Zonse za maliro zitatha, amalume anatiitana ife ana aakazi atatu kuti titsegule thiranki yawo yachitsulo, yobiriwira ija inkakhala pansi pa bedi. Munali zitenje zosavalapo, yunifolomu ya Chigwirizano, buku la nyimbo lothothoka chikuto ndi makalata a atate. Pansi penipeni, m'sokosi yakale ya atate yomangidwa mfundo, munali kabokosi koyera ka m'mphepete mwakuda, ndipo m'katimo munali kabotolo ka Chanel No 5. Akulu anga anatenga zitenje, mng'ono wanga anatenga makina osokera, ine ndinapempha kabotoloko basi.

Mbiri yake ndikuidziwa. Atate anali mphunzitsi, ndipo mu 1974 anatumizidwa ku Britain ku maphunziro a miyezi isanu ndi inayi. Pobwerera anakagula pa bwalo la ndege ku London ndi ndalama zimene anasunga podzimana chakudya chamasana. Amayi ankatiuza kuti tsiku loyamba anawakalipira, chifukwa ndalamazo zikanagula malata awiri kapena atatu. Koma anakasunga zaka 50. Ankadzola pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa ukwati wa wachibale, basi. Sankapopera ngati ana a masiku ano. Ankapendeketsa kabotolo kuti chitsekero chagalasi chinyowe, n'kuchikhudzitsa kuseri kwa khutu lililonse, kenaka n'kubweza msangamsanga. M'zaka za m'ma 1980, pamene tinkalawirira kukafola mzere wa sopo ndi mafuta ophikira, amayi ankalowabe m'tchalitchi pa Khirisimasi akununkhira ngati mkazi wa bwanamkubwa, ndipo ife ana tinkalimbirana kukhala nawo pafupi.

Kabotoloko n'kakang'ono kuposa bokosi la machesi, ndipo mwatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Madzi ake ada ngati tiyi wopanda mkaka. Nditatsegula, fungo loyamba linali lolasa m'mphuno, ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, mpaka mtima unandisweka poganiza kuti wawonongeka. Ndinadonthetsa pang'ono pa pepala n'kulisiya pa tebulo. Nditabwerako kothira madzi m'maluwa, ndinangoima pakhomo la chipinda. Anali amayi enieni.

Mwana wanga wamkazi woyamba akukwatiwa mu October, ndipo ndikufuna fungo la ambuya ake likhalepo tsikulo. Koma akulu anga akuti zinthu za zaka 50 ndi poizoni, ndingatupe nkhope pa tsiku la zithunzi. Alamu anga akuti ayi, maperefyumu akale anali maluwa okhaokha, oopsa ndi amakonowa odzaza makemikolo. Ndinanunkhizakonso watsopano wa dzina lomweli kwa mwana wa achimwene ku Lusaka: ndi wabwino, akufanana, koma ndi wopepuka, ndipo si fungo la amayi.

Ndiye ndikufunsa. Kodi ndingadzole pakhungu? Kodi ndi zoona kuti akale analibe makemikolo? Nanga n'chifukwa chiyani wakale ndi watsopano akusiyana pamene dzina ndi limodzi?

Aphunzitsi Phiri, Katete

Mayi NaTembo, pepani ndi maliro. Ine ndinaphunzitsa chemistry zaka 31 m'masukulu a sekondale a m'chigawo chino, ndipo nkhani mwafunsayi ndi imene inkadzutsa ana ogona kumbuyo kwa kalasi. Za pakhungu ndisiyira a zachipatala. Ine ndiyankha ziwiri zinazo, ndipo mundikhululukire ngati nditalikitsa.

Alamu anuwo alakwitsa, ngakhale ambiri amaganiza momwemo. Perefyumu wa amayi anu anatchuka padziko lonse chifukwa cha makemikolo opangidwa ndi anthu. Koma tiyambire pa malungo. Mu 1856, ku London, mnyamata wa zaka 18 dzina lake William Perkin ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula lakuda limene linkatsala akawotcha malasha popanga gasi wounikira m'misewu. Kwinini sanatuluke. Chinatuluka ndi utoto wa nsalu wa mtundu wa maluwa a jakaranda, ndipo mnyamatayo analemera nawo. Anthu a sayansi anaona kuti m'phula lonunkhalo muli chuma. Mu 1868 Perkin yemweyo anapanga chinthu chotchedwa coumarin, chimene m'chilengedwe chimapezeka mu nthanga za tonka za ku South America ndi mu udzu wina. Fungo lake inu mukulidziwa kale. Ndi lija limamveka mukadutsa pa mitolo ya udzu wofolerera imene yangomwetedwa kumene ikuuma pa dzuwa, kapena mukalowa m'chigafa fodya atayamba kufiira: lotsekemera, lofunda, louma.

Mu 1882 Paul Parquet wa kampani ya Houbigant ku Paris anathira coumarin wa m'labotale mu perefyumu wotchedwa Fougère Royale, ndipo apa ndi pamene ambiri amayambira kuwerenga mbiri ya perefyumu wamakono. Mtundu umenewu uli ndi zidzukulu zambiri. Brut wa botolo lobiriwira, amene anatuluka mu 1964 ndipo amuna ambiri a msinkhu wanga tinadzola popita kukafunsira mbeta, ndi wa banja lomwelo.

Ku Germany nakonso sanagone. Mu 1874 Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann anapanga vanillin, fungo la vanila, kuchokera ku madzi a pansi pa khungwa la mitengo ya banja la paini. Mu 1889 Aimé Guerlain anaphatikiza vanillin ndi coumarin mu Jicky, amene akugulitsidwabe mpaka lero. Mu 1893 Tiemann ndi Paul Krüger anapeza ionone, fungo la timaluwa ta violet, timene mafuta ake enieni anali odula moti ndi mafumu okha akanakwanitsa. Koma nkhani imene ana ankaikonda koposa ndi ya Albert Baur. Mu 1888 iyeyu ankafufuza zophulitsira zamphamvu za mtundu wa TNT, ndipo chimodzi mwa zimene anapanga chinangonunkhira mokoma ngati musk, fungo limene kale linkachokera m'kathumba ka pamimba pa kagwape kamphongo ka kumapiri a Himalaya. Kuti apeze kathumbako ankapha kagwapeko. Makemikolo a Baur ndi abale ake amatchedwa nitro musk, ndipo ndiwo ankapereka kufunda kuja, konga kwa paudala wa mwana pakhungu loyera, kumene kumatsalira pa chovala masiku angapo. Ndikukhulupirira kuti mbali yaikulu ya chimene inu mukuti "amayi enieni" ndi imeneyi.

Tsopano 1921. Ernest Beaux, amene anabadwira ku Moscow, anapangira Coco Chanel, mayi wopanga zovala wa ku France, perefyumu uyu. Anaikamo maluwa enieni odula: jasmine ndi rozi za ku Grasse kumwera kwa France, ndi ylang-ylang, duwa limene lero limalimidwa kwambiri ku zilumba za Comoros ndi Madagascar, kufupi ndi kwathu kuno. Koma pamwamba pake anathira makemikolo otchedwa aldehyde pa muyeso waukulu umene ena ankaopa. Paokha sakoma. Amamveka ngati kandulo amene wangozimitsidwa, kapena nsalu yochapa pamene simbi yamakala yangoikhudza. Pang'ono pake amapezeka m'makoko a lalanje. Koma akasakanizidwa ndi maluwa amawanyamula, amawawalitsa, moti sunganene kuti ili ndi rozi kapena jasmine. Ndicho chinali chachilendo chake: sanali kutsanzira duwa lililonse la m'munda.

Nanga wasinthiranji? Zifukwa ndi zingapo. Mmodzi wa ma nitro musk, musk ambrette, anapezeka kuti amatupitsa khungu la anthu ena likawombedwa ndi dzuwa, komanso amawononga mitsempha ya nyama zoyeserapo, ndipo anachotsedwa. Mnzake musk xylene anapezeka m'nsomba za mumtsinje ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pambuyo pake mu mkaka wa m'mawere wa amayi ku Ulaya, chifukwa sawola msanga. Nayenso anasiyidwa. Chinanso ndi ndere zomera pa makungwa a mitengo ku Ulaya, zotchedwa oakmoss, zimene zinkapereka fungo lakuya longa la nkhalango mvula itagwa. Bungwe la opanga zonunkhira la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973, linachepetsa muyeso wake, ndipo mayiko a European Union analetseratu tizigawo tiwiri ta m'nderezo, atranol ndi chloroatranol, kuyambira 2019. Taonani bwino apa: ndere zimenezi n'zachilengedwe, koma ndi zina mwa zoyabwitsa kwambiri. Chitedze nachonso n'chachilengedwe.

Choncho opanga anayenera kusintha zina, dzina n'kukhala lomwelo. Kuwonjezera apo, wa amayi anu wakhala zaka 50 akusintha yekha m'botolo. Palibe sitolo padziko lapansi imene ingakugulitseni fungo limenelo.

Ine sindidandaula nawo makemikolo. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi pamafunika matani atatu kapena anayi a maluwa othyola ndi manja m'mamawa. Zikanakhala choncho mpaka lero, mwana wa mlimi wa ku Kagoro sakanadziwa sopo wonunkhira. Fungo limene timati "chovala choyera" mu sopo wochapira wambiri ndi la musk wina wa m'labotale, monga Galaxolide amene anapezedwa mu 1965. Tonse timadzola chemistry tsiku ndi tsiku.

Mwale wa Mafuta, Saturday Market

Amayi, pepani kwambiri. Aphunzitsi anena zakusukulu, ine ndinena za pa benchi. Ndagulitsa mafuta onunkhira opimitsa kwa zaka 12, katundu ndimakatenga ku Kamwala ku Lusaka, ndipo botolo lowonongeka ndimalidziwa ndisanatsegule n'komwe.

Lanulo silinafe. Kulasa kwa poyambako ndi mafuta a zipatso za mtundu wa mandimu, amene amakhala pamwamba ndipo ndiwo amayamba kusasa mpweya ukalowa. Amauluka pa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, zapansi n'kutsala. Likanakhala lakufa, kusasako kukanakhalapo mpaka madzulo. Kuda kwa madziwo musakuope, vanila ndi jasmine zimada zikamakalamba. Komanso m'menemo muli sipiriti wambiri, tizilombo sitingakhalemo.

Chimene chinapulumutsa botololo ndi sokosi ya atate anu ndi thiranki. Adani a perefyumu ndi atatu: dzuwa, kutentha ndi mpweya. Ine m'mwezi wa October katundu wanga sindiyala yense pa benchi, ndimaika wochepa, wotsalayo amakhala m'katoni pansi nditafunditsa chiguduli. Chaka china ndinataya mabotolo pafupifupi makumi awiri chifukwa mnyamata wondithandiza anawasiya pa dzuwa masabata awiri ine ndili ku maliro ku Chadiza. Choncho musaike pa tebulo la galasi lodziyang'anira kuti alendo aone. Mufirijinso ayi, chifukwa ndi kuzimazima kwa magetsi kuno botolo lizizizira n'kufunda tsiku lililonse, ndipo kumeneko n'koipa kuposa pansi pa bedi. Libwezereni kumene amayi ankaliika, loimirira.

Musamatsegule pafupipafupi, ndipo chitsekerocho musachikhudzitsenso pakhungu n'kubweza, chifukwa thukuta ndi mafuta odzola zimalowa. Gulani jakisoni watsopano ku famase, mukoke pang'ono pokha, muike m'kabotolo kagalasi koyera kouma bwino. Ka pulasitiki ayi. Chitsekero chikadzakakamira musachikanule ndi mpeni, khosi la botolo limathyoka. Donthetsani sipiriti pang'ono mozungulira, dikirani, kenaka mupotoze pang'onopang'ono.

Bokosi musataye. Mabokosi a ku Ulaya a kuyambira cha m'ma 2005 ali ndi mndandanda wautali wa mayina kumbuyo, limonene, linalool, coumarin ndi ena, chifukwa lamulo linawauza kulemba zinthu 26 zimene zimayabwitsa anthu ena. Lakale ngati lanulo lilibe zimenezo, ndipo bokosilo ndi umboni wa msinkhu wake. Mukaika chithunzi pa Facebook abwera anthu ofuna kugula, ena amafuna botolo lokha kuti athiremo zawo n'kunamiza anthu. Musagulitse.

Ine ambuya anga ankasunga Bint el Sudan, kabotolo ka mafuta opanda sipiriti kamene kanayamba kupangidwa ndi kampani ya W.J. Bush ya ku London mu 1920. Anakapeza kwa amwenye ku Down Shops. Pamene anamwalira ndinali mwana, kabotoloko kanatayidwa pamodzi ndi zinyalala za m'chipinda. Lero ndili ndi mafungo oposa zana pa benchi, makasitomala amati ndili ndi mphuno yabwino, koma la ambuya ndimalifunafuna m'katundu aliyense watsopano.

Sisita NaZulu, Petauke

Asisi NaTembo, Mulungu akutonthozeni. Ndine namwino, ndipo ndikufuna kuwongola pang'ono mawu a a Mwale. Zoona, tizilombo mulibe, ndipo akulu anu asaope poizoni: kadontho kamodzi tsiku limodzi sikangalowe m'magazi n'kukudwalitsani. Zimene Aphunzitsi anena za nsomba ndi mkaka wa m'mawere zinabwera chifukwa cha matani ambiri othiridwa mu sopo chaka ndi chaka. Koma vuto la perefyumu wokalamba si tizilombo. Mafuta a mandimu ndi a maluwa aja akakumana ndi mpweya nthawi yaitali amasanduka zinthu zina zimene zimayabwitsa khungu kuposa mmene analili ali atsopano. Kusasa kumene munamva ndi chizindikiro choti zimenezi zachitikako.

Chachiwiri ndi dzuwa, ndipo ichi ndikunena chimene chinandionekera. Ndili ku sukulu ya unamwino, azakhali anandipatsa botolo lakale la mafuta onunkhira a mtundu wa cologne. Ndinathira pakhosi Loweruka lina n'kupita ku mpira masana onse. Patapita masiku awiri panatuluka chigamba chofiira chowotcha, chotsata ndendende mmene madziwo anayenderera. Chitapola chinasiya banga lakuda limene linakhala pafupifupi chaka. Chochititsa ndi bergamot, chipatso cha banja la mandimu cha kumwera kwa Italy. Mafuta ake ali ndi chinthu chotchedwa bergapten chimene chimawotcha khungu chikakumana ndi dzuwa. Masiku ano opanga amachichotsa kapena kuchichepetsa kwambiri, koma m'mabotolo akale chikhoza kukhalamo. Ife akhungu lakuda banga lotere limachedwa kutha. Ndiye ganizirani ukwati wa mu October ku Chipata, zithunzi panja nthawi ya 13 koloko.

Chitani izi masabata atatu ukwati usanafike, osati dzulo lake. Ikani kadontho kakang'ono m'kati mwa mkono, pa mpindiko wa chigongono, madzulo. Musachape mpaka m'mawa, ndipo pamalopo pasaone dzuwa. Muziyang'ana masiku atatu athunthu, chifukwa ziwengo za mtundu umenewu sizituluka nthawi yomweyo, zimadikira tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Pakafiira, pakayabwa, pakatuluka timatuza, sambani ndi sopo ndipo pakhungu musayesenso. Pakapanda kanthu mukhoza kudzola, koma pamalo pobisika ndi chovala.

Ndikanakhala ine, ndikanadzola pa nsalu. Kadontho pa kampango ka m'manja kapena m'kati mwa mpendero wa duku. Fungo limakhalitsa pa nsalu kuposa pakhungu la thukuta. Samalani kokha kuti madzi odawo amathimbiriritsa zoyera, ndiye diresi la mkwatibwi lisayandikire. Mkwatibwinso musamudzoze pakhungu tsikulo ngati sanayeseretu, ngakhale mtima ukufuna bwanji. Ndipo ngati pali mdzukulu wakhanda amene mudzamunyamule, kapena wachibale wa mphumu, kampangoko kakhale m'chikwama pa nthawiyo.

Sakala wa ku Mfuwe

Pepani ndi maliro, amayi. Ndalowa chifukwa Aphunzitsi atchula kagwape ka ku Himalaya koma nyama yathu aisiya. Ine ndimaperekeza alendo m'nkhalango ya Luangwa, ndipo usiku tikamayenda ndi nyali nthawi zambiri timakumana ndi chombwe, ena amati fungwe: wamawanga akuda, nkhope ngati wavala chigoba, amayenda mutu uli pansi. Pansi pa mchira ali ndi kathumba kotulutsa mafuta olimba ngati batala, amene amapaka pa miyala ndi pa zitsa kuti anzake adziwe kuti wadutsa. Ndinanunkhizapo pa chitsa china pafupi ndi dambo. Pafupi n'lonunkha moti misozi imatuluka. Koma dzanja limene ndinagwira chitsacho, madzulo ake linkamveka kafungo kofunda, kokoma ndithu.

Mafuta amenewa ndi amene azungu amati civet, ndipo maperefyumu odula akale, kuphatikizapo wa amayi anu, ankaikamo pang'ono kuti maluwa amveke amoyo ndiponso akhalitse. Ambiri ankachokera ku Ethiopia, kumene amagwira nyamazi kutchire n'kuzisunga m'tizikwere topanikiza moti sizitha kutembenuka bwino, ndipo pakapita masiku angapo amazikoka mchira n'kupala kathumbako ndi kasupuni ka nyanga. Nyama yozolowera kuyenda usiku wonse. Katswiri wina, Leopold Ruzicka, anatulukira kapangidwe ka fungoli mu 1926, ndipo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1939. Kuchokera pa ntchito yakeyo anthu anaphunzira kulipanga okha, ndipo makampani aakulu ambiri anasiya kugula la nyama.

Choncho alendo akamandiuza kuti amafuna zachilengedwe zokhazokha, ndimawaunikira chombwe n'kuwafotokozera. Pa nkhani iyi ine ndili kumbali ya labotale ndi mtima wonse. Koma kabotolo kanuko dzolani, amayi. Chinachitika chinachitika kale mu 1974, ndipo kutaya sikungabwezere kanthu kwa nyama ija.

Aphunzitsi Phiri, Katete

A Sakala mwandikumbutsa chimene ndinasiya, zikomo. Nangumi nayenso ali m'nkhaniyi. M'matumbo mwa mtundu wina wa nangumi mumapangika chinthu chotchedwa ambergris, chimene chimayandama pa nyanja zaka zambiri chisanapezeke m'mphepete. Cha m'ma 1950 akatswiri a ku Switzerland anapeza njira yopangira fungo lake kuchokera ku chitsamba cholimidwa cha clary sage, ndipo lero kemikolo ameneyu, wotchedwa ambroxan, ndiye amamveka patali m'maperefyumu ambiri a anyamata. A Mwale ayenera kuti ali naye m'theka la mabotolo awo. Mayi NaTembo, tsatirani a Sisita, pa za khungu adziwa ndi iwo.

NaTembo wa ku Kapata

Zikomo nonse, ndabweranso monga ndinayenera. Ndinachita zimene a Sisita ananena. Lolemba madzulo ndinaika kadontho pa mkono wamanzere. Lachiwiri panalibe kanthu. Lachitatu madzulo panayamba kuyabwa pang'ono, ndipo nditayang'ana pa nyali panali kachigamba kofiirira kukula ngati njere ya nshawa. Sikanatupe, ndipo Lachisanu kanali katatha. Komabe ndamva. Pakhungu sindidzola. Ndikanayesa dzulo la ukwati, kapena ndikanangodzola kuseri kwa makutu monga amayi, sindikudziwa zikanatha bwanji pa dzuwa lija.

Poyamba zinandipweteka, ndisaname. Ndinkafuna kuchita ndendende mmene iwo ankachitira, chitsekero kuseri kwa khutu. Usiku umenewo ndinakhala pa bedi kabotolo kali m'manja kwa nthawi yaitali. Kenaka ndinakumbukira kuti m'buku la nyimbo lija munali kampango kawo koyera ka maluwa abuluu m'ngodya, kamene ankapukutira magalasi m'tchalitchi. Ndakachapa, ndakasita, ndipo ndiko kadzanyamule fungolo. Kadzakhala m'manja mwanga poperekeza mwana.

Aphunzitsi, nkhani ya kwinini ndi ya zophulitsira ndawawerengera alamu anga mokweza. Anapukusa mutu, akuti akafunsa mwana wawo wa ku yunivesite. Ine chimene chandikhudza n'chakuti atate, amene ankaphunzitsa sayansi ku pulayimale ndi zitini ndi mabotolo a Fanta, anagulira mkazi wawo chinthu chotere osadziwa mbiri yake. Akanakhalapo akanakulemberani kalata ya masamba anayi. A Sakala, chombwe ndinamuonapo kamodzi ndili mtsikana kumunda kwa ambuya ku Chiparamba, akudya masuku ogwa. Sindinaganizepo kuti angakhale ndi mbali m'thiranki ya amayi.

Dzulo akulu anga anabwera kudzaona za makhadi. Sindinanene kanthu. Ndinali nditadonthetsa pa kachidutswa ka nsalu m'mawa n'kukasiya pa mpando wa pabalaza. Analowa akulankhula za mtengo wa nkhuku, anakhala pansi, n'kusiya mawu pakati. Anatenga kansaluko, anakagwira pamphuno ndi manja awiri, ndipo tinakhala chete mpaka mwana anabwera kudzafunsa za ndiwo. Pochoka anakapinda n'kukaika m'bulauzi, ndipo ali pa geti anandifunsa ngati mungatsale kadontho ka iwo ndi ka mng'ono wathu wa ku Lundazi.

A Mwale, jakisoni ndagula kale. Loweruka m'mawa ndibwera pa benchi panu, mundisungire timabotolo titatu tagalasi topanda kanthu, tating'ono kwambiri timene muli nato, totseka zolimba.